Ngwazi za Papepala ndi Gwero la Mphamvu Zawo

M'chaka cha 1974, m'tauni yaing'ono ya Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America, mudatuluka timabuku titatu tokhala m'kabokosi kamodzi, tofotokoza malamulo a masewera amene eni ake, Gary Gygax ndi Dave Arneson, adawatcha Dungeons & Dragons; ndipo ngakhale poyamba adasindikiza mabokosi 1,000 okha, masewerawo adafala nabala ena ambirimbiri, kotero kuti lero, patapita zaka zoposa 50, anthu a mitundu yosiyanasiyana amakhalabe mozungulira thebulo usiku, atagwira pensulo, pepala ndi madayisi, namamenya nkhondo zosakhetsa mwazi wa munthu aliyense. Kachitidwe kake n'kotere: mmodzi mwa iwo, amene amamutcha Dungeon Master, ndiye mwini nthano ndiponso woweruza, iyeyo afotokoza dziko, mapanga, zilombo ndi mafumu, pamene otsalawo aliyense atenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, namulankhulira ndi kumusankhira zochita. Wina akati, "Ndimkantha ndi lupanga," saloledwa kungonena kuti wamupha, koma aponya dayisi la mbali 20, ndipo nambala yotulukayo, ataiphatikiza ndi luso la munthu wakeyo, ndiyo idula mlandu.

M'timabuku toyambato wankhondo adali mmodzi yekha, woima pambali pa wamatsenga ndi wansembe, ndipo ankangotchedwa Fighting-Man, pakuti masewerawa adaphuka pa chitsa cha ena akale, a Chainmail a 1971, m'mene anthu ankafoletsa tizidole ta asilikali pathebulo. Koma posakhalitsa wankhondo uja adapeza abale: Paladin adabwera mu 1975 m'buku la Greyhawk, Ranger m'chaka chomwecho m'kanyuzipepala ka The Strategic Review, Monk womenya ndi manja opanda kanthu m'buku la Blackmoor, ndipo Barbarian adafika mochedwa, mu 1982, m'magazini ya Dragon. Tsono munthu wongosuzumira angathe kufunsa kuti, popeza onsewa ntchito yawo ndi imodzi, kuima patsogolo ndi kulandira mabala m'malo mwa anzawo ofooka, chowasiyanitsa n'chiyani? Zida sindizo, chifukwa lupanga limene agwira Paladin, Fighter angathenso kuligwira, ndipo nkhwangwa ya Barbarian sikana dzanja la Ranger. Ine ndiona kuti olemba malamulowa, kaya adadziwa kaya sadadziwe, adagwa m'funso limene lidasautsa anzeru ndi aneneri kuyambira kalekale, lakuti mphamvu za munthu wamphamvu zichokera kuti, ndipo n'chiyani chingamulande mphamvuzo. Ndipo gulu lililonse la ankhondowa liyankha funsolo mwa njira yakeyake.

Yankho la Fighter ndilo losavuta, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri amupeputsa, namupatsa kwa amene angoyamba kumene kuphunzira masewerawa. Mphamvu zake zichokera m'kuzolowera: waphunzira kugwira chida chilichonse ndi kuvala malaya achitsulo a mtundu uliwonse, ndipo akamakwera misinkhu dzanja lake lichita changu, kufikira kuti m'malamulo a 2014, pa msinkhu wa 20, akantha kanayi m'nthawi imene Paladin ndi Barbarian akantha kawiri. Khomo lolowera m'gulu lake ndi lotakasuka. M'buku la malamulo la 1978, pa muyeso woyambira 3 kulekeza 18, nyonga zokwana 9 zidali zokwanira, zimene munthu wamba ali nazo. Koma chachikulu chimene ndifuna tichisunge n'chakuti malamulo safunsa kanthu za mtima wake. Akhale mlonda wa amasiye kapena wachifwamba wa pamsewu, apemphere kapena atukwane zakumwamba, luso lake lili chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Palibe tchimo limene lingabunthitse lupanga lake, ndipo palibe chifundo chimene chingalinole.

Aristotle, m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, polongosola za kulimba mtima, adatchula mitundu isanu ya zinthu zofanana nako koma zosakhala iko kwenikweni, ndipo umodzi mwa iyo ndiwo wa asilikali olipidwa, amene aoneka olimba chifukwa adaona nkhondo zambiri, nadziwa kusiyanitsa choopsa chenicheni ndi phokoso lachabe. Komabe, monga adaonera mkuluyo, iwowa akazindikira kuti adani awachulukira ndi kuwaposa zida, ndiwo ayamba kuliyatsa liwiro, pamene nzika zoteteza mudzi wawo zifera pomwepo. Mtundu wina ndiwo wa ukali, umene adauyerekeza ndi chilombo cholasidwa chothamangira amene wachilasa, ngakhale adavomera kuti ukali ukapatsidwa cholinga ndi kusankha kwa nzeru uyandikira kulimba mtima koona. Ndipo koonako adakusungira munthu amene aima pamalo pake chifukwa kutero n'koyenera ndi kokoma. Sindinena kuti Gygax ankalemba ali ndi Aristotle pambali pake, koma n'zochititsa chidwi kuti anthu ofuna kungosangalala madzulo adafika pa mphambano yomweyo imene adaimapo Mgiriki uja, pamene njira ya luso, ya ukali ndi ya chilungamo zipatukana.

Barbarian woyamba adali mwana wa Conan, ngwazi ya m'nthano zimene Robert E. Howard adayamba kusindikiza mu 1932 m'magazini ya Weird Tales: munthu wa kuthengo, wa thupi lolimba, wonyoza mizinda ndi wodana ndi matsenga, kotero kuti m'buku la Unearthed Arcana la 1985 ankalandira mphotho akaswa chinthu cha matsenga m'malo mochisunga. Ukali monga lamulo lake udabwera m'chaka cha 2000, pamene kampani ya Wizards of the Coast, imene mu 1997 idagula TSR, kampani yakale ya Gygax, idalemba malamulowa mwatsopano. Ndipo pamodzi ndi ukaliwo adamuika chizindikiro chochititsa manyazi, chakuti mwa magulu onse iye yekha ndiye wosadziwa kuwerenga. Ife amene makolo athu adalembedwapo m'mabuku a alendo monga anthu a mdima ndi aphuma tidziwa fungo la maganizo otere, ndipo zidakhala bwino kuti malamulo a pambuyo pake adachifafaniza. Muzu weniweni wa ukaliwo uli kumpoto kwa Ulaya, kwa ankhondo otchedwa berserker, amene nthano za ku Iceland zimati ankaluma zishango zawo polowa m'nkhondo, osamva moto kapena chitsulo, kenaka n'kugwa ali lefu ukaliwo ukawachokera. Ndipo pakati pa tizidole ta chesi tosema pa minyanga, topezeka pa chilumba cha Lewis ku Scotland mu 1831, pali tina toluma chishango ndithu, mano ali pamtunda. Chikhristu chitakhazikika ku Iceland, malamulo a Grágás adauyesa mlandu ukali umenewu, wothamangitsa munthu m'dziko zaka zitatu.

Lamulo la ukali la 2014 ndiliyesa ulaliki waufupi wobisika m'manambala. Barbarian akapsa mtima alandira theka lokha la bala la lupanga, la mkondo ndi la chibonga, ndipo dzanja lake lilemera. Koma m'nthawi imeneyo sangathe kuchita matsenga ngakhale atawadziwa, ndipo ukaliwo ukhala mphindi imodzi yokha, nuzima msanga ngati mpata wake wochitapo kanthu wadutsa iye asanaukire mdani kapena kuvulazidwa. Ndiko kunena kuti mkwiyo ufuna kudyetsedwa, ndipo chakudya chake ndi bala, kaya la mwini kaya la wina. N'chifukwa chake pathebulo pamamveka nthawi zina pempho loseketsa, mdani ali patali, wosewera Barbarian akuchonderera mnzake kuti, "Tandimenyani pang'ono, ukali wanga ungazime." Aliyense amene adakhalapo ndi mbale wosunga chakukhosi, amene akaona kuti mtima wayamba kuphwa apita kukafukula mlandu wakale kuti aumvenso kuwawa, adzavomera kuti olemba malamulowa sadaname. Ndipo wosankha njira ya Berserker, amene alowa m'misala yoposerapo, atuluka m'nkhondo ali wotheratu, wofunika chakudya ndi tulo ta usiku wathunthu kuti abwerere mwakale.

Za Ranger sindichulutsa mawu, ngakhale ambiri amukonda. Iye ndi mthunzi wa Aragorn wa m'buku la J. R. R. Tolkien, The Lord of the Rings, mlenje wolondola mapazi ndi mlonda wa m'malire, amene mphamvu zake zichokera m'kudziwa: adziwa nkhalango, ndipo adziwa mtundu umodzi wa adani kuposa ina yonse, mpaka malamulo a 2014 amupatsa ndi chilankhulo chawo chomwe. Malamulo akale adamuletsa kukhala ndi chuma choposa chimene iye ndi kavalo wake angasenze, naletsanso kuti a gulu lake oposa atatu ayende pamodzi. Chondiziziritsa nkhongono pa iye n'chakuti munthu amene adaphunzira chinenero cha anthu ena, nadziwa kumene agona ndi chimene adyetsa ana awo, adaphunzira zonsezi kuti aziwapha bwino.

Koma amene adzetsa mikangano yambiri pathebulo, amenenso ali pa phata pa nkhani yathu, ndiye Paladin. Chithunzi chake chidatengedwa kwa nduna 12 za mfumu Charlemagne za m'nyimbo zakale za ku France, Roland ndi anzake, podzera m'buku la Poul Anderson la 1961, Three Hearts and Three Lions. Ndipo malamulo a 1978 adamuunjikira madalitso amene wankhondo wina aliyense sadawaone. Azindikira choipa chili pa mtunda wa mapazi 60, nthenda simugwira, asanjika manja pa wovulala, nachira, pa msinkhu wachinayi aitana kavalo wankhondo wanzeru, wa mtundu umene upezeka kamodzi pa zaka 10. Koma goli lake nalonso ndi lolemera: apereka chakhumi cha zonse apeza, sasunga chuma choposa chomukwanira iye, anyamata ake ndi linga laling'ono, sakhala ndi zinthu zamatsenga zoposa 10, ndipo sayenda ndi anthu oipa. Akachita dala chinthu chopasula lamulo ndi dongosolo, ayenera kufunafuna wansembe wamkulu, kuulula tchimo lake ndi kuchita zimene amulamula. Koma akachita choipa, akudziwa ndiponso mwa kufuna kwake, ulemerero wonsewo umchokera nthawi yomweyo, osabweranso, ndipo atsala Fighter wamba.

Palinso china chimene wophunzira zaumulungu sangachilumphe. Kale munthu sankangodzisankhira kukhala Paladin. Ankaponya madayisi atatu a mbali 6 pa khalidwe lililonse la munthu wake, ndipo khomo linkatseguka pokhapokha chikoka chake chikafika 17 kapena 18, zimene mwa masamu zichitika kamodzi pa maulendo 54. Chotero kulowa kudali kwa maere, mphatso yosagwirira ntchito, koma kutuluka kudali kwa ntchito za mwini. Ndipo amene adamvapo akulu a mipingo akutsutsana za chisomo ndi ntchito, za kusankhidwiratu ndi za kugwa, adzaona kuti mlandu umene udasonkhanitsa otsatira Calvin ndi otsatira Arminius ku Dort mu 1618 udalowa m'kabokosi ka masewera, nugamulidwa mopatsa mbali iliyonse theka lake. N'zoseketsa pang'ono kuti m'zaka za m'ma 1980 mipingo ina ku America idadzudzula masewerawa kuti ndi khomo la Satana, mpaka TSR mu 1989 idachotsa maina a ziwanda m'mabuku ake, pamene m'mabuku omwewo mudali wankhondo wopereka chakhumi ndi woulula machimo.

Nanga n'chifukwa ninji lamulo la kugwa kwa Paladin likoma chotere m'makutu mwathu? Ndiyesa n'chifukwa chakuti linena chimene mtima wa munthu ulakalaka chikadakhala choona: kuti mphamvu ndi chilungamo zikadamangidwa mtolo umodzi, kotero kuti wotaya chimodzi ataye zonse. Akuluakulu adati choipa chitsata mwini, ndipo kwathu kuno n'kodziwika kuti sing'anga popereka mankhwala okhwimitsa thupi apereka ndi malamulo ake omwe, chakuti usadye, chakuti usakhudze, ndipo wolumpha mwambo mankhwala ake asukuluka. Koma tiyeni tiyang'anitsitse nkhani ya Samsoni, amene mwa ngwazi zonse za m'Malembo ndiye aoneka ngati mboni ya lamuloli. Iye adali Mnaziri chibadwire, munthu wa chowinda monga Paladin, koma waukali monga Barbarian; adadya uchi wa m'mtembo wa mkango, adapha amuna 30 ku Asikeloni kuti alipire ndi zovala zawo ngongole ya mwambi wa paukwati, adalowa kwa mkazi wadama ku Gaza, nadzuka pakati pa usiku, nazula zitseko za mzinda pamodzi ndi mphuthu zake; ndipo pa zonsezi mphamvu zake sizidachepe ngakhale pang'ono. Zidachoka tsiku limene lumo lidapita pamutu pake, iye ali m'tulo pa maondo a Delila, ndipo zidabwerera tsitsi litamera, atapempha kuti alipsire Afilisti chifukwa cha maso ake. Buku la Oweruza, tsono, silitiphunzitsa kuti wamphamvu akhala wabwino kapena kuti woipa afooka. Lingotionetsa munthu wopatulidwa amene Mwini wake adamgwiritsa ntchito ali ndi zilema zake zonse.

Ndipo lamulo lokomali likafika pathebulo libala minga. Tiyerekeze kuti gulu lalowa pansi m'mapanga, lagonjetsa achifwamba, ndipo mmodzi wa iwo wataya lupanga nagwada, Paladin atamulonjeza moyo. Kumumasula ndiko kumutuma kukaitana anzake. Kuyenda naye ndiko kugawana naye kamba amene watsala wa tsiku limodzi. Wosewera Barbarian ati angomupha basi; wa Ranger ati amumange pamwala n'kumusiya, ngakhale onse adziwa chimene chiyenda m'mapangamo usiku. Wa Paladin akhala chete, akutembenuzatembenuza dayisi m'dzanja, kenaka ati, "Chabwino, ine ndayamba ndatuluka, ndikaone kavalo." Pamenepo mwini nthano atukula maso pamwamba pa chikatoni chimene abisira mapepala ake, nafunsa funso limene osewera onse aliopa: "Mwatsimikiza kuti mufuna kutero?" Pakuti kufulatira dala kuti anzako achite chimene iwe waletsedwa ndiko kusamba m'manja kwa Pilato, ndipo wosewerayo adziwa kuti madalitso onse olembedwa ndi pensulo papepala lake angathe kufufutidwa usiku womwewo. Chovuta n'chakuti woweruza mlanduwu sali Mulungu woona zobisika, koma mnzawo wa kuntchito kapena wa kusukulu, wokhala ndi maganizo akeake pa za chabwino ndi choipa, mwinanso wokonda kutchera Paladin misampha yopanda potulukira. Ndipo pamene mmodzi agwira mpando wa woweruza ndi wa woyesa nthawi imodzi, masewera atha msanga ndipo otsala ndi makani.

Pali munga wina wolowa mozama kuposa umenewu. Satana, m'mutu woyamba wa buku la Yobu, adafunsa ngati kuopa Mulungu kwa Yobu kudalibe malipiro, popeza munthuyo adali wotchingidwa mbali zonse ndipo zoweta zake zidaswana. Ndipo funso lomwelo liyenera kufunsidwa kwa Paladin aliyense. Wosewera akasiya wandende ndi moyo chifukwa aopa kutaya kavalo ndi manja ochiritsa, chifundo chakecho ndi malonda, malonda ake opindulitsa ndithu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Koma taonani Fighter m'phanga lomwelo: iye akaima pakati pa wandendeyo ndi nkhwangwa ya mnzake, nakana kwamtuwagalu, palibe dalitso limene aliteteza potero, palibe nambala papepala lake imene ikwera, angochepetsa kamba wake ndi kukwiyitsa anzake. Ngati tifuna kuona kulimba mtima kumene Aristotle adakuyesa koona, tidzakupeza msanga kwa iye amene malamulo sadamulamule kanthu. Potero sindinyoza Paladin, pakuti lumbiro ndi mpanda wabwino kwa munthu wodziwa kufooka kwake, ndipo alipo osewera amene amusenza mwaulemu, natsata chilungamo ngakhale pamene woweruza sakadawalanga. Ndingoti chilungamo chake sichioneka bwinobwino kufikira mpandawo utagwetsedwa, monga zidamuchitikira Yobu.

Olemba a pambuyo pake adamva kulasa kwa minga imeneyi, nasintha. M'malamulo a 2014 Paladin sakakamizidwanso kukhala wa mtima wabwino. Pa msinkhu wachitatu alumbira limodzi la malumbiro angapo, la kudzipereka, la kusunga kuwala ndi moyo wa dziko, kapena la kubwezera, ndipo mphamvu zake zitumphuka m'kulimba kwa lumbirolo. Ansembe oulula kwa iwo adachepa ntchito, koma funso lidakula, pakuti tsopano masewera anena kuti chopatsa mphamvu ndicho kugwiritsa chimene walumbira, cholumbiridwacho chikhale chotani. Malembo adziwa bwino malumbiro osungidwa amene kukadakhala bwino akadaswedwa: Yefita adawinda kupereka nsembe chilichonse choyamba kutuluka m'nyumba mwake pomuchingamira, ndipo amene adatuluka ndi mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, akuvina ndi lingaka; Herode adalumbira pamaso pa alendo ake paphwando, nachita manyazi kubweza mawu, mpaka tidatsala ndi mwambi wakuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Ndipo woswa lumbiro naye salandidwanso zonse, chifukwa buku la Dungeon Master's Guide lidamukonzera njira yake, ya Oathbreaker, m'mene asinthanitsa kuwala ndi mphamvu za mdima, nalamulira mitembo yoyenda. Apa, ngakhale n'zowawa kuvomera, masewera adayandikira choonadi kuposa kale.

Pakuti mbiri ya dziko lapansi sidziwa lupanga lobuntha chifukwa cha tchimo. Roland weniweni adafa mu 778 pa mpata wa Roncevaux, ataphedwa ndi anthu a mtundu wa Basque, gulu la Charlemagne litangogwetsa kumene malinga a mzinda wa Pamplona. Oimba a m'mibadwo ya pambuyo ndiwo adasandutsa adaniwo Asilamu, kuti imfa yake ikhale yofera chikhulupiriro. Mbuye wake Charlemagne, patapita zaka zinayi, adaphetsa anthu a mtundu wa Saxon ku Verden, amene mabuku a mbiri a ufumu wake womwe awawerenga kuti adali 4,500, ndipo m'chaka cha 800 adavekedwa chisoti chaufumu ndi Papa ku Rome. Ankhondo ovala mtanda amene adafunkha Constantinople, mzinda wa Akhristu anzawo, mu 1204, sadadzuke m'mawa mwake manja atalefuka. M'Malembo momwemo muli Yoabu, kazembe wa Davide, amene adabaya Abineri pachipata cha Hebroni, nabaya Amasa atamgwira ndevu ngati afuna kumpsompsona, namuika Uriya pamalo potentha pa nkhondo monga kalata ya mfumu idanenera, ndipo adakhalabe kazembe woopedwa kufikira ukalamba. Pamene Uriya, amene adakana kukagona kunyumba kwake chifukwa likasa ndi anzake zidali m'misasa, ndiye adasenza m'dzanja lake kalata ya imfa yake. Inde, mlandu suola, ndipo Yoabu adaphedwa pomaliza atagwira nyanga za guwa la nsembe m'masiku a Solomo. Koma zaka zonse za pakatipo dzanja lake silidanjenjemere, ndipo Asafu wa Salimo 73 adavomera kuti adatsala pang'ono kuterereka poona zotere.

Chotero chilango chachikulu cha Paladin wakale, chija chakuti atsala Fighter wamba, ndikachilingalira ndiona kuti ndiko kumutsitsira m'dziko limene tonsefe tikhalamo, m'mene luso la msilikali, la loya, la dokotala ndi la mlembi wa boma likhalabe ndi mwini wake ngakhale mtima utavunda. Ndipo buku lomwelo la 1978, limene lidamana Ranger chuma ndi kulamula Paladin chakhumi, lidalonjeza Fighter kuti akafika msinkhu wa 9 adzatchedwa mbuye, adzamanga linga, adzalambula dziko lozungulira, asilikali adzabwera okha kudzamutumikira, ndipo adzakhometsa msonkho wa ndalama zasiliva 7 pamwezi pa mutu wa munthu aliyense wokhala m'dzikomo. Bukulo silifunsa ngati mbuyeyo adzaweruza molungama, kapena ngati okhoma msonkhowo adzakhala ndi kodandaula. Lingowerenga ndalama, n'kusiya zotsalazo m'manja mwa wosewera.

Asilikali ena adafika kwa Yohane Mbatizi ku Yordano kudzafunsa chochita, monga Luka asimba m'mutu wachitatu, ndipo iye sadawauze kuti ataye malupanga, sadawalonjeze kuti akamvera adzalandira manja ochiritsa ndi kavalo wanzeru, ndiponso sadawaopseze kuti akapanda kumvera nyonga zidzawathera. Adangowaletsa kulanda za anthu mwachiwawa ndi kunamizira osalakwa, nawalangiza kukhutira ndi malipiro awo. Adalankhula nawo monga anthu amene mawa adzadzuka ndi mphamvu zomwezo, amvere kapena asamvere. Itapita nthawi, Herode atakodwa m'lumbiro lake lija, adatuma kundende msilikali wa m'gulu la alonda ake, ndipo monga Marko asimba, munthuyo adapita, nadula, nabwera nawo mutuwo m'mbale.